Manambala Atatu Pansi pa Tsiro

MUTU 6

1. Chingwe chatsopano

Esinala anadziwa kuti zinthu zavuta atangoona chingwe. Chinali chatsopano, chobiriwira, chogula kusitolo, ndipo bambo ake aang'ono, a Gideon, anali atachikoleka pamtengo wa khola m'mawa wa Loweruka. Kuno ku Bangula ng'ombe saigulira chingwe chatsopano chifukwa choikonda ayi. Amaigulira ikakhala kuti ikukwera lole.

M'kholamo ng'ombe zonse zinali za a Gideon kupatula imodzi, msoti wofiira wa banga loyera pamphumi. Bambo a Esinala, a Maliko, anaugula chaka chimene mwana wawoyo anakhoza mayeso a Sitandade 8, n'kuupatsa dzina loti Fomufolo. Anthu anaseka dzinalo koma eni ake sanaseke. Anati ng'ombeyo ikayamba kuswa, ana ake ndiwo adzaphunzitse Esinala mpaka kumaliza sekondale. Atatero anapita ku Lilongwe kukagwira ntchito yomanga nyumba, ng'ombe n'kuisiya m'manja mwa mng'ono wawo.

Tsopano Esinala anali Fomu 2. M'kalasi ankakhoza ndithu, makamaka masamu, koma mtima wake unali wapachala. Ukamuponda mwangozi ankakuyankha ngati wamuotchera nyumba.

"Baba ang'ono, chingwechi n'cha ninji?" anafunsa.

"N'chomangira ng'ombe. Kapena kusukulu kwanuko anakuuzani kuti chingwe n'chadyera ndiwo?"

"Ng'ombe iti?"

"Yofiirayo. Ogula a ku Blantyre akubwera ndi lole madzulo ano. Mkulu wanga anandiimbira, anati ndigulitse."

"Bodza! Baba sanganene zimenezo. Ndipatseni foni ndiwafunse ndekha."

"Nkhabe," anakana a Gideon, foniyo n'kuikankhira pansi m'thumba la buluku.

Pamjigo wapafupi panali amayi otunga madzi. Esinala anawaona, koma m'malo motsitsa mawu anawakweza.

"Mukufuna kugula njinga yamoto, mudzi wonse ukudziwa! Ndinu akuba! Mukuba sukulu yanga!"

Mjigo unasiya kulira. A Gideon anatembenuka pang'onopang'ono.

"Tamvera, mwana iwe. Ine ndi Maliko tinayamwa bere limodzi. Ng'ombe zoyamba za khola lino tinaziweta tili opanda nsapato, iwe usanalotedwe n'komwe. Lero waphunzira kulemba dzina lako, ndiye ukuona ngati ungandiimike pamaso pa anthu n'kunditcha wakuba? Pali katundu wina amene akulu amasenza okha kuti ana agone tulo. Ukaona munthu wamkulu watseka pakamwa usamati alibe yankho. Pakamwa pakopo padzakupweteketsa tsiku lina, ndipo tsikulo usadzandiyang'ane ine."

Atatero anakwera njinga yawo yakapalasa n'kulunjika kumsika.

2. Pakhoma

Esinala anathamangira kunyumba. Anapeza mayi ake, a Josephine, atakhala pamkeka pakhonde, miyendo itatupa, pakuti anali oyembekezera ndipo mwezi wawo unali pafupi.

"Mai, ndikufuna nambala ya baba."

Foni ya pakhomopo inali itagwera mu Shire nthawi ya dzinja, bwato litapendekeka pochokera kudimba. A Maliko atabwera kudzacheza pa Isitala anali ndi nambala yatsopano. Pepala pamudzi limathera kuyatsira moto, choncho iwo anatenga khala n'kulemba nambalayo pakhoma, pafupi ndi chitseko. Nyumba zambiri m'mudzimo zili ndi manambala otero. Koma poti uthenga wonse unkadzera pa foni ya a Gideon, panalibe amene ankayang'ananso pakhomapo.

A Josephine analoza ndi chibwano. Esinala anayang'ana pakhomapo.

Sabata yapitayo mayi akewo anali atamuuza kuti azire khonde ndi m'munsi mwa khoma. Iye ankafuna kupita ku mpira wamanja. Ntchitoyo anaigwira atatupa, akumenyetsa tsiro pakhoma ngati khomalo ndilo lamuletsa kupita. Mzere wa tsiro, m'malo moyenda mowongoka, unakwera phiri. Manambala asanu ndi awiri oyamba ankaoneka bwinobwino. Atatu omaliza anali pansi pa dothi lakuda, louma gwaa.

Anatenga mpeni n'kuyamba kupala. Tsiro linachoka, koma linachoka ndi khala lomwe. Panatsala chigamba chotuwa basi.

"Mai, inunso! Simukanandiuza kuti ndikuphimba nambala?"

"Ndikuuze bwanji munthu woti amaponya chidebe ndikamamuyankhula?" anatero a Josephine. "Khala pansi apa undimve. Zimene wachita kumjigo ndamva kale, mphepo yafika nazo iwe usanafike. Ine nanenso zandipweteka. Ng'ombe ija ndaitungira madzi ndi mimba imeneyi. Koma mlamu wanga si munthu woti angabe cha m'bale wake masana dzuwa likuswa mtengo. Ngati pali cholakwika, pali njira yake: tiitane akuluakulu a banja, tikhale pansi. Iwe ukapsa mtima sumaona pamene dzanja lako likugwera. Taona khomali. Si Gideon anazira apa, si ine, ndi iweyo. Ndiye ndikukupempha, mwananga, usakhudze chilichonse kukhola kuja. Ukumva?"

"Akuluakuluwo pofika, ng'ombe idzakhala ili m'mapoto a ku Blantyre," anayankha Esinala, natuluka.

3. Kudambo

Mawu a mayi ake anawamva, koma analowera khutu ili n'kutulukira linalo. Anazungulira kuseri kwa nyumba n'kukafika kukhola. Ng'ombe za a Gideon zinali zitapita kubusa. Fomufolo yekha ndiye anasiyidwa kudikira lole.

Esinala anachotsa mipiringidzo ya pakhomo la khola, natenga chingwe chatsopano chija n'kumanga ng'ombeyo m'nyanga. Sanadzere mumsewu. Anadutsa m'minda ya mapira yokololedwa kale, nawoloka njanji yakale, n'kutsetserekera kudambo kumene bango limatalika kuposa munthu.

Dzuwa la kuchigwa silinyengerera munthu. Pofika m'mphepete mwa bango, bulauzi yake inali itanyoweratu. Anapeza mtengo wa msangu pamalo ouma, patali ndi madzi akuya, n'kumangirira chingwe mfundo ziwiri.

"Khala pompano," anauza ng'ombeyo. "Akakufuna akafunse ng'ona."

Fomufolo anangoweramira msipu, alibe nazo kanthu. Esinala anabwerera kumudzi akudziona ngati wachita zanzeru kwambiri. Chinatsala n'kupeza bambo ake kuti a Gideon achite manyazi pamaso pa anthu onse.

4. Foni ya a Kaitano

Kutsidya kwa njira kunkakhala a Kaitano, mphunzitsi wopuma pantchito. Anaphunzitsa masamu ku pulayimale zaka zambirimbiri, moti theka la mudziwo linalawapo kamtengo kawo. Maso awo anali atayamba kuchita mdima, koma lilime linali lakuthwa monga kale. Anali ndi kafoni kamabatani, batire lake lotupa, lomangidwa ndi mphira kuti lisagwe.

Esinala atapita kukawafotokozera nkhani ya chingwe ndi ya khoma, mkuluyo anatenga ndodo yawo n'kutsagana naye mpaka pakhonde pa a Josephine. Za kudambo mtsikanayo sanatchule.

"Moto watsala pang'ono," anachenjeza. "Batireli likati lafa, lafa."

Esinala analanda foniyo. Anadina manambala asanu ndi awiri a pakhoma, kenaka n'kuwonjezera atatu amene anangomubwerera m'mutu. Anayankha mayi wina amene ankaoneka kuti ali pachigayo. Anadula n'kuyesa ena. Anayankha bambo wina wa mawu atulo.

"Ndinu a Maliko?"

"Maliko wake uti? Muziona manambala poimba!"

"Inunso muziyankha bwino anthu!" anakalipa Esinala, chala chili kale pa mabatani kuti ayesenso.

A Kaitano anamukwatula foniyo.

"Bweretsa kuno! Ukuyesa ndi kuponya mbedza m'thamanda kumeneku? Tandiyankha. Malo ofufutika ndi angati?"

"Atatu."

"Pamalo amodzi pangakhale manambala angati?"

"Khumi."

"Pa lililonse la khumi limenelo, malo achiwiri angasinthe kangati?"

"Kakhumi. Ndiye kuti handiredi."

"Onjezera malo achitatu."

Esinala anachulukitsa m'mutu. "Wani sauzande," anatero motsitsa mawu.

"Wani sauzande! Ndiye iwe, ndi kafoni kanga kodwaladwalaka, ukufuna kutukwana anthu wani sauzande mmodzimmodzi mpaka upeze bambo ako? Ana a masiku ano mumandidabwitsa. Masamu mumawasiya m'kalasi pamodzi ndi choko, mukatuluka panja n'kumayendera mkwiyo. Mkwiyo sudziwa kuwerenga, mwana iwe. Umangodziwa nambala imodzi, wani, ndiye kuti ine ndekha, ine ndekha. Munthu wanzeru akakumana ndi chinthu chachikulu sayamba n'kuchimenya. Amayamba wafunsa kuti kodi ndikudziwapo chiyani, n'kuchichepetsa mpaka chikwane m'manja. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsopano khala pansi. Ndani amene ankaona khomali tsiku ndi tsiku?"

5. Khasu, dzira ndi mbululu

Onse awiri anatembenukira kwa a Josephine.

"Ine musandiyang'ane, aphunzitsi. Sukulu ndinangoidutsa panja."

"Sindikufunsa za sukulu, mai. Mumakhala pamkeka pomwepa. Kumapeto kwa mzere uja munkaona zooneka bwanji?"

A Josephine anaganiza, dzanja lili pamimba.

"Panali kena konga khasu. Kena konga dzira. Kena konga mbululu, mutu waukulu ndi kamchira."

A Kaitano anauza Esinala kuti alembe manambala onse khumi padothi ndi kamtengo, akuluakulu. A Josephine analoza 7 mosakayika. Analozanso 0. Pa mbululu chala chawo chinayendayenda pakati pa 6 ndi 9.

"Mchira unali m'mwamba kapena pansi?" anafunsa Esinala.

"Nkhabe kudziwa."

"Nanga chinayamba n'chiti, khasu kapena dzira?"

"Ndati sindikudziwa."

"Mai! Chinthu choti mwakhala mukuchiona miyezi yonseyi!"

"Iwe, usakalipire mayi ako," anadula a Kaitano. "Akuchotsera mtolo waukulu, uyenera kuwathokoza kuti takhuta. Tinali pa wani sauzande, pano tatsika kwambiri. Chatsala ndi mipando. Lemba 706. Pansi pake lemba 607. Manambala ake ndi omwewo, si choncho? Koma 7 woyambayo wakhala pampando wa mahandiredi, ndiye ndi 700. Winayo wakhala pampando wa mawani, ndi 7 chabe. Nambala ili ngati munthu paukwati: ulemu wake umaoneka ndi pamene amukhazika. Ukasintha mpando wasintha nambala yonse, ndipo pa foni ndiye kuti waimbira munthu wina. Tsopano sanja njira zonse zimene atatuwa angakhalire. Yamba ndi mbululu ya 6, kenaka ya 9."

Esinala analemba mofulumira, kamtengo kakukumba dothi: 706, 760, 607, 670. Pambali pake analemba 709, 790, 907, 970.

"Ndatha."

A Kaitano anasuzumira, koma maso awo sankaona bwino zapadothi.

"Zakwana zingati? Tawerenga ndimve."

"Ndati ndatha, aphunzitsi! Dzuwa likupendeka, lole ibwera ife tikuwerengabe!"

"Chabwino," anatero mkuluyo akumupatsa foni. "Ndadziwakale anamanga nyumba yopanda khomo."

Esinala anayamba kuimba. Nambala yoyamba inali yozimitsa. Yachiwiri anayankha mwana wamng'ono amene ankangoti halo, halo. Ina inali ya munthu wogulitsa matabwa, ina makina ananena kuti kulibe nambala yotero. Pa yozimitsa ija anabwerezanso, ndipo ulendo uno anayankha mayi woyankhula Chitumbuka. Anafika pa 970 thukuta likutsika m'khosi. Anayankha mnyamata wina amene anamufunsa ngati ali pabanja.

Foni inalira kuti tiii, kuchenjeza za moto. Chakumsewu waukulu kunamveka kulira kwa lole ikusintha magiya kuti ikhotere m'mudzi.

6. Mpando wa ziro

"Mai alakwitsa!" anakuwa Esinala. "Si manambala amenewa! Mwandionongetsa moto pachabe!"

Anakweza dzanja kuti aponye foniyo pansi. A Kaitano anamenya ndodo pakhonde mwamphamvu moti nkhuku zinabalalika.

"Yesa! Iponye uone! Ukalephera, wolakwa amakhala wina nthawi zonse: mayi ako, bambo ako aang'ono, foni, khoma. Tsitsa dzanjalo. Manambala atatu osiyana, mipando itatu. Pampando woyamba ungasankhe angati?"

"Atatu," anayankha Esinala mano atalumana.

"Mmodzi wakhala. Pampando wachiwiri atsala angati?"

"Awiri."

"Pomaliza?"

"Mmodzi."

"Chulukitsa."

"Sikisi."

"Sikisi za mbululu yoyang'ana kumwamba, sikisi za yoyang'ana pansi. Pamodzi?"

"Thwelofu."

"Iwe walemba zingati?"

Esinala anayang'ana padothi. Zinali eyiti.

"Zinayi zili kuti?"

"Koma nambala siyamba ndi ziro, aphunzitsi. Munatiphunzitsa ndinu. 076 ndi 76 basi."

"Eya, ukamawerenga mbuzi, ziro wakutsogolo alibe ntchito. Koma apa ali kutsogolo kwa chiyani? Kumanzere kwake kuli manambala asanu ndi awiri aja! Ali pakati, akusunga mpando. Ukamuchotsa, onse akumbuyo asendera malo olakwika ndipo nambala yafupika. Iwe unamuona ngati wopanda pake chifukwa payekha sanena kanthu. Ukanawerenga pamene ndinakuuza, bwenzi utaona kuti mtolo wako ndi woperewera usanathe moto wanga. Lemba zinayizo."

Manyazi anamugwira, koma analemba: 067, 076, 079, 097. Ulendo uno anawerenga mokweza mpaka thwelofu.

Pa 067 makina anati nambalayo kulibe. Pa 076 inaitana mpaka kudula yokha. Foni inaliranso kuti tiii. Esinala anapukuta manja pasiketi, nadina 079 mosamala ngati akutola singano.

Inaitana kawiri.

"Halo?"

Mawuwo anali ofooka, koma anawadziwa nthawi yomweyo.

"Baba! Ndine Esinala! Baba ang'ono akufuna kugulitsa Fomufolo, akunama kuti mwawatuma ndinu! Koma musadandaule, ine nda..."

"Sakunama, mwananga."

Kafoni ka a Kaitano kanali kaphokoso, moti aliyense pakhondepo ankamva.

"Ndamutuma ndine. Ndili m'chipatala. Ndinagwa kuchokera pamwamba pa nyumba imene tinkamanga, mwendo unathyoka pawiri. Amene anatilemba ntchito wathawa. Madokotala akuti m'fupamo muyenera kulowa chitsulo, ndipo chitsulocho n'chogula. Akuti ndikachedwa mwendo audula. Gideon anafuna kugulitsa yake, koma zake ogula anazikana kuti n'zowonda. Ndinamulumbiritsa kuti asauze mayi ako mpaka atachira, poopa kuti angadzidzimuke ndi mimbayo. Ndikhululukire, mwananga. Ndikaima ndi miyendo iwiri ndidzakugulira ina. Uza Gideon kuti ikangokwera lole lero atumize..."

Foni inazima.

A Josephine sanalire mokweza. Anangogwira mzati wa khonde ndi manja awiri, misozi ikutsikira pachitenje. Esinala anaima ndi foni yakufayo kukhutu. Kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo analibe woti amukalipire.

7. Pamtengo wa msangu

A Gideon anatulukira pakona ya nyumba akuthamanga, kumbuyo kwawo kukubwera amuna awiri a lole.

"Ng'ombe ili kuti? Khola lili pululu! Iwe, ng'ombe ili kuti?"

Anaona nkhope ya mlamu wawo, anaona foni m'manja mwa mtsikanayo, ndipo anamvetsa zonse. Anavula chipewa n'kuchimenyetsa pansi.

"Wakhuta tsopano? Wamva zimene umafuna? Ine ndameza chipongwe chako pamaso pa akazi a mudzi uno kuti mayi akowa asamve, iwe n'kukawakumbira nkhaniyo ndi manja ako! Ndikufunsa komaliza, ng'ombe ili kuti?"

"Ndinakaibisa kudambo," anatero Esinala. "Ndaimanga pamsangu, kuseri kwa njanji. Pepani, baba ang'ono."

"Kudambo? Wekha? Kumene anthu amaweta atatu atatu, mikondo ili m'manja?"

A Kaitano anapukusa mutu. "Zimenezi sunandiuze, mwana iwe."

Mmodzi wa anthu a lole anayang'ana dzuwa. "Bwana, ife tikufuna tikwere mtunda wa Thabwa kusanade. Ngati ng'ombe palibe, tili ndi kwina kotenga."

"Dikirani pang'ono, chonde," anapempha a Gideon. Munthu amene m'mawa ankayankha mwathamo tsopano anali akuomba m'manja pamaso pa alendo. Esinala ataona zimenezo anamva kuwawa kuposa kumenyedwa.

Anathamanga patsogolo, a Gideon pambuyo. Ziputu za mapira zinamucheka m'miyendo koma sanaime. Anawoloka njanji, natsetsereka, akuitana dzina la ng'ombeyo ndi mawu onse. Bango linangoti zii.

Mtengo wa msangu unali pomwepo. Mfundo zake ziwiri zinali zomangika monga anazisiyira. Koma chingwe chinathera pafupi ndi mtengowo, kachidutswa kosakwana mkono kakulendewera.

"Mwina yadula yokha," anatero Esinala akupuma mwabefu. "Mwina ili pafupi."

A Gideon anagwada n'kutenga nsonga ya chingwecho. Sinali yonyotsoka ngati mmene chimadukira chingwe chokokedwa. Inali yosalala, yodulidwa kamodzi ndi mpeni wakuthwa. Anayang'ana pamatope. Mapazi a ng'ombe ankaloza kumtsinje, kudooko kumene mabwato amawolokera kutsidya. Pambali pake panali mapazi a anthu awiri ovala majombo.

A Gideon anadzuka osamuyang'ana mtsikanayo.

"Mwendo wa bambo ako ndi umenewo ukupita apowo," anatero. "Tiye."